Munkoyo wa a Ednah ndi Udzudzu wa ku Silverest

A Ednah anabwera okha kupolisi kwathu, atanyamula bulangete ndi sopo, nandipempha kuti ndiwatsekere.

"Nitsekeleni chabe, mwana wanga," anatero. "Kunja uku azanipaya."

Ine ndine Sajenti Dyness Njobvu, wofufuza milandu kuno ku Chongwe. Ndaona anthu akuthawa selo polumpha mpanda, wina mpaka kusiya thalauza pa waya, koma wopempha yekha kulowamo ndinali ndisanamuonepo.

Nkhani yake inali yotere. A Ednah ndi mlimi wa ku Kanakantapa, ndipo analera mwana wa mchimwene wawo, Nelesi, amene anali pafupi kukwatiwa ndi Teddy, mphunzitsi wa ku Silverest. Mwambo wa chilanga mulilo, pamene amayi a kuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kukapereka kwa mkamwini, unachitikira pa puloti ya a Langford, bambo ake aang'ono a Teddy. Sabata isanathe, anthu a kuchimuna anayamba kugwa mmodzimmodzi. Thupi kutentha, totupa pakhungu, mfundo zonse kuwawa mpaka munthu kuyenda chowerama. Kuchipatala malungo sanapezeke. Kenaka a Ezra, bambo ake a Teddy, amene anali kale ndi matenda a shuga, anamwalira. Pamaliro pomwepo a Langford anaimirira n'kunena kuti munkoyo, chakumwa cha ufa ndi mizu chimene a Ednah anabweretsa pa mwambowo, unali ndi poizoni. Ukwati unaima, a Ednah anathamangitsidwa pamaliro, ndipo bwana wanga ankafuna kuti Lolemba mlandu wakupha ukhale uli kukhoti.

"Munkoyo uja anakonza ni ndani?" ndinawafunsa.

"Ni ine. Mizu n'nakumba nekha, n'nasinja nekha. Nakhala nikonza munkoyo kuchokela nili mtsikana ku Katete, palibe anadandaulapo olo m'mimba."

"Nanga imwe na anzanu simunamwe chifukwa chani? Ndiye pamene agwila anthu."

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati mbuzi ili ndi mapiko.

"Iwe mwana, unakulila kuti? Wopeleka chakudya kwa apongozi sakhala pansi n'kudya. Tiimba pageti, tilowa, tigwada, tipeleka, tibwelela kwathu. Ndiye mwambo wake. Manje mwambo womwewo wanisandutsa mfiti."

Ndinawapatsa botolo la madzi. Analimbana nacho chivindikiro, zala zikukana kupinda, mpaka anandibwezera kuti ndiwatsegulire. Mfundo za zala zawo zinali zotupa.

"Manja aya bwanji, amai?"

Anawabisa msanga m'chitenje. "Ni ukalamba."

"Ukalamba unayamba liti?"

Anayankha chapansipansi. "Sabata ija yomwe anadwala a kuchimuna."

*

A Langford ndi munthu wa mathiraki, amanyamula katundu kuchokera ku Dar es Salaam. Mpanda wa puloti yawo ndi wautali kuposa nyumba za anansi awo, ndipo anandilandirira kunja kwa geti, atalitseka kumbuyo kwawo. Ine munthu wondilandirira panja ngati wogulitsa tomato sindimukonda.

"Ba ofisa, apa palibe vofufuza," anatero akusewera ndi makiyi a galimoto. "Ni poizoni, basi. Bantu ba kumafamu aba, banaona nyumba, banaona mamotoka, jelasi yabagwila. Beve sibanamwe olo kapu imozi. Mufuna umboni wabwanji futi?"

"Namvela kuti a zaumoyo anabwela kuno kuzaona yadi."

"N'nabapitikisa. Ine nili pa malilo, beve bafuna kupopela yadi yanga monga ni chimbuzi cha pamaketi? Chaka chino nachiona, ba ofisa. Mwezi watha thilaki yanga inasoba pa njila ya ku Nakonde, na dilaiva, na matayala yonse yamene inanyamula. Manje mukulu wanga Ezra. Nisiyeni nilile."

Za thirakiyo ndinkazidziwa, chifukwa anadzanena kwathu komwe kuti a inshuwalansi awalipire. Dalaivala wake, Davies, anali asanapezeke, ndipo mkazi wake anali atatopa kubwera kudzatifunsa.

"Ningaloweko nione pamene anthu anakhala?"

"Bwelani na pepa ya ku koti."

Geti linatsekeka. Ndikutembenuka ndinamva kuyabwa pachigongono, n'kuomba ndi dzanja. Anali udzudzu wakuda, wa mizere yoyera m'miyendo, ndipo dzuwa linali paliwombo. Udzudzu umene ndimaudziwa ine umadikira mdima.

*

Msewu wa ku Kanakantapa nthawi ya mvula umafuna munthu wopemphera. Minibasi inatitira kawiri, ndipo ndinafika matope ali m'mawondo. Ndinkafuna a Lister, amene anaimba ng'oma pa tsiku lija. Ndinawapeza atagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, ndipo poyesa kudzuka kuti andilonjere anathera panjira, atapindika ngati akulimira chimanga.

"Kalanga ine, a polisi! Ine ng'oma chabe, a polisi, mphika sin'nagwileko!"

"Sin'nabwele kukugwilani. Mwadwala liti?"

"Ndani wadwala? Ine? Ni msana wa kumunda uyu."

"Amai, a Ednah ali m'selo. Pa Mande ayenda kukhoti."

Apo anayang'ana uku ndi uku, kenaka zonse zinatuluka nthawi imodzi. Amayi ambiri amene ananyamula mapoto tsiku lija anadwala chimodzimodzi ndi a kuchimuna. Anapangana kuti asauze munthu.

"Chifukwa chani?"

"Imwe a polisi, simudziwa anthu? Akanakamba kuti mankhwala atibwelela. Kuti tinaika poizoni, manje yatigwila tekha. Tinati bola kufela m'nyumba."

"Munkoyo wonse munapeleka?"

"Iyai, chigubu chimodzi chinatsala. Amuna athu anamwela kumunda, mpaka kunyambita. Onani uyo ali uko, akankha wilibala. Adwala uyo?"

Sankadwala. Omwa munkoyo kuno anali bwinobwino, osamwa amene anapita ku Silverest anali chogona. Namwino wa pachipatala chaching'ono cha pafupi anandiuza kuti ena mwa amayiwo anabwera mozemba, ndipo poona kuti si malungo, anatumiza magazi awo ku Lusaka, kwa dokotala wina wofufuza matenda a udzudzu. Ndinamuimbira foni dokotalayo ndili pomwepo.

"Ba Sajenti," anatero mawu a mzimayi, "mwachita bwino kutuma foni. Bwelani mailo. Nili na munthu wamene nifuna munipezele."

*

Mawa lake ndinapita ku Lusaka. Dokotala Mwila, mwini mawu aja, anali kamzimayi kochepa thupi, kovala nsapato zothamangira, kolankhula mofulumira ngati basi ikukasiya. Ndinkayembekeza makina odzaza chipinda. Anandionetsa kanthu kotalika ngati chikhatho changa, kolumikizidwa ku kompyuta ndi kachingwe.

"Ni aka kamene kabelenga magazi," anatero. "Matenda yaja ni chikungunya. Ni kachilombo, kayenda na udzudzu wa mizele yoyela, uja uluma muzuba, masana. Mu chakudya sikapita, mu munkoyo sikapita."

"A Langford azakamba kuti amai a ku Kanakantapa ndiwo anabwela nako."

"Nkhalani pansi, muone."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ndipo ndiyesa kubwereza mmene ndinamvera. Kachilombo kalikonse kali ndi malangizo a chibadwa chake, olembedwa m'kati mwake ndi zilembo zinayi zokha, zobwerezedwabwerezedwa mpaka kupitirira zikwi khumi. Kakalowa mwa munthu kamadzikopera kuti kachuluke, ndipo nthawi zina kamalakwitsa chilembo chimodzi. Ana ake onse amatengera cholakwikacho, n'kupita nacho kwa munthu wotsatira.

"Munaphunzilako na bana bokopela?" anandifunsa. "Ticha aziba bwanji wamene wakopela munzake? Ni pa volakwa. Ngati babili balakwisa pamozi pamozi, umozi anaona pepa ya munzake. Ise tichita chimozimozi."

Anadina batani, ndipo pa kompyuta panaoneka mtengo wogona cham'mbali, wa nthambi zopyapyala, nsonga iliyonse ili ndi kadontho. Kadontho kalikonse kanali munthu. Ofiira anali a kuchimuna, obiriwira amayi a ku Kanakantapa, ndipo anali osakanikirana pa nthambi imodzi ngati ana a mimba imodzi. Anandilozera kadontho ka a Ezra. Ndinali nditaona bokosi lawo likutsikira m'manda, koma apa kachilombo kamene kanawapha kanali kakufotokozabe kumene kanachokera.

"Manje onani aba," anatero, akuloza timadontho tachikasu kumunsi kwa nthambiyo. "Aba ni bomanga nyumba pa puloti ili pafupi na ya ba Langford. Banadwala chilanga mulilo isanachitike. Kachilombo kabo kalibe chilembo chimozi cholakwika chamene bonse benangu bali nacho. Ndiye kuti aka ni kakulu, twa bamai ba ku Kanakantapa na twa ba Ezra ni tung'ono twake. Matenda yenze kale pa malo paja. Bamai baja banayapeza, sibanabwele nayo."

Ndinaimirira kuti ndizipita. Koma iye anali asanathe. Anachepetsa chithunzicho, ndipo kamtengo kathu kanasanduka kanthambi kakang'ono pa chimtengo chachikulu, cha madontho osawerengeka. Anati ofufuza a m'maiko ambiri amaika pamodzi zimene awerenga, kuti aliyense athe kuyerekeza. Chala chake chinatsata nthambi yathu chobwerera m'mbuyo, kudutsa miyezi, mpaka chinaima pa madontho a anthu amene anadwala kugombe la nyanja yamchere, ku Tanzania.

Ndanena kuti ndaona zambiri pa ntchito yanga, koma zotere ndinali ndisanazionepo. Ine ndimafunsa anthu, amandinamiza, ndimafunsanso. Mayi uyu ankafunsa dontho la magazi, ndipo linkamuuza ulendo wonse, dziko ndi dziko, popanda kuwonjezera kapena kubisa. Kanthu kosaoneka ndi maso, kokhala ndi makolo ndi azisuweni ake, kosunga mbiri yake yonse m'thupi mwake! Ndinachita mantha, koma mantha ake anali ngati a m'tchalitchi, ndipo ndinapezeka ndavula chipewa cha ntchito osadziwa.

"Apa," anatero Dokotala Mwila, akugogoda pa mpata wopanda kadontho, pakati pa Tanzania ndi Silverest. "Apa pali munthu. Sin'namuonepo, magazi yake nilibe, koma alipo. Udzudzu uyu suyenda kutali, umoyo wake onse uthela pa mapuloti yang'ono chabe. Sungachoke ku nyanja kufika kuno. Kachilombo kanakwela motoka mu magazi ya munthu. Anafika mwina mwezi umozi chilanga mulilo isanachitike. Anagona odwala pamalo pamene udzudzu unamuluma muzuba, pafupi na manzi yoima. Ku chipatala kulikonse kwamene tatenga magazi sanapiteko. Elo ngati ali moyo, nikayikila ngati ayenda bwino, chifukwa mfundo zimawawa olo miyezi."

"Ni mwamuna," ndinatero.

Anandiyang'ana modabwa. "Ivo mtengo sunakambe."

"Sunakambe. Koma mkazi wake amabwela ku ofesi kwanga kuzalila."

*

Loweruka m'mawa ndinabwerera ku Silverest ndi chikalata cha kukhoti, apolisi anzanga awiri, ndi Dokotala Mwila atanyamula chikombe chachitali ndi timabotolo. Teddy anali pakhonde ndi a Langford, maso ali ofiira, iyenso akuyenda mokoka mwendo. Sanandipatse moni.

Kutsogolo kwa nyumba kunali kosesedwa bwino, maluwa ali m'mizere. Kuseri, kumene anaimika tenti tsiku la mwambo, kunali chimulu chachitali chofundikidwa ndi pulasitiki wakuda. A Langford anati ndi njerwa. Nditakoka pulasitikiyo, udzudzu unatuluka ngati utsi. Anali matayala, atsopano, mapepala a kufakitale akadali pomwepo, ndipo mvula inali italowa m'mabowo a pulasitiki n'kudzaza lililonse. Dokotala Mwila anatunga madzi m'tayala limodzi n'kundionetsa. Munali timphutsi tambirimbiri tikuvinavina.

"Ba Langford," ndinatero, "aya si matayala yamene yanasoba pa njila ya ku Nakonde?"

"Aya ni yenangu. N'nagula kudala, kalekale."

Kuseri kwa chimulucho kunali kachipinda ka antchito, kotsekedwa ndi loko kunja. Pawindo panali mbale ya dzulo. Ndinapempha kiyi, a Langford anati inatayika, ndiye mnzanga anathyola ndi chitsulo.

Munthu amene anatulukamo anagwira khoma ndi manja onse awiri. Ndevu zinali zitamera, mawondo atatupa, ndipo ankaponda pansi ngati pali minga. Dokotala Mwila anaika chikombe chake pansi. Anamuyang'anitsitsa, kenaka ananong'ona, "Ni uyu. Mwe Lesa, Mulungu wanga, ni uyu."

"Ndiwe Davies?" ndinafunsa.

"Ndine, madamu. Nalema. Nizakamba vonse."

Sanachedwe. Thiraki sinabedwe. A Langford anamuuza kuti aizimitse foni akadutsa malire, atsitse matayala kuno, thiraki akaibise ku famu ina kuti ikapentedwenso. Iye abisale mpaka a inshuwalansi alipire. Koma anachoka ku Dar es Salaam mutu ukuwawa, ndipo pofika kuno sankatha ngakhale kutsika yekha.

"N'napapata kuti banipeleke ku kiliniki. Bosi banakana, bati munthu osoba sayenda ku kiliniki. Banali kunipasa chabe mapanado. Mu kaloomu umu mukupya, so muzuba nenze kugona panja, pa mthunzi wa matayala. Udzudzu unanidya, madamu. Pamene bantu banayamba kudwala, n'nabauza bosi kuti aya ni matenda yanga yaja. Ndiye pamene banaika loko."

Teddy anali atafika kumbuyo kwathu, ndipo anamva zonse. Anatembenukira kwa bambo ake aang'ono.

"Badadi, munaziba?"

"Teddy, mwana wanga, mvela, ni bizinesi, sin'naganize kuti..."

"Munaziba kuti si munkoyo. Munaimilila pa bokosi ya batate, mwaloza muzimai osalakwa, kuti bantu basayang'ane kuseli kwa nyumba yanu."

A Langford anakhala pansi pa tayala limodzi, makiyi aja atagwera m'matope. Ndanjata anthu ambiri ndili ndi chisoni, koma tsiku limeneli unyolo ndinautseka ndi mtima woyera.

*

Madzulo a tsiku lomwelo ndinatsegula selo. A Ednah anali atapinda kale bulangete lawo, atakhala pamwamba pake.

"Amai, mlandu wanu watha. Si munkoyo. Ni udzudzu."

"Udzudzu?" Anaganiza pang'ono. "Nanga munadziwa bwanji?"

Ndinayesa kuwafotokozera za zilembo, za mtengo, za munthu amene dokotala anamuona m'magazi a anthu ena asanakumane naye. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti magazi anga omwe n'nali kubisa ndiwo akananiombola kale," anatero. "Mulungu uyu, mwandi. Analemba na mu tuzilombo momwe."

Panja tinapeza Teddy atagwada pa simenti yonyowa, mawondo otupa omwewo, manja ali pamodzi. Anthu a m'minibasi ankasuzumira, koma iye analibe nazo ntchito.

"Amai, nilibe pakamwa pokambila. N'nakupitikisani monga galu. Ngati Nelesi simuzanipasa, nizamvela."

A Ednah anamuyang'ana. Sanamudzutse msanga, ndipo ine sindinawaimbe mlandu.

"Za Nelesi uzafunsa Nelesi, ali na pakamwa pake," anatero. "Ine changa n'chimodzi. Atate ako anabwela kwanga katatu kuzapempha mwana uja, anakhala pa mphasa yanga, tinaseka. Anamwalila, ine munaniletsa kulila. Misozi ija ikali muno, inilemela."

Anamupatsa bulangete kuti anyamule.

"Nyamuka. Unipeleke pamanda."